Kulawa Mtsinje

Ndinafika ku Ben Tre m'bandakucha,
m'thumba muli tikiti ya basi ya folo koloko,
kuphazi nsapato zakumzinda zili mbee.
Mayi Luom anayamba ayang'ana nsapatozo, kenako ine,
n'kundilozera thabwa lonyowa pakati pa bwato.

Bwatolo lili ndi maso.
Anawapenta kumphuno kwake, ofiira m'mbali, akuda pakati,
ndipo saphethira
ngakhale namasupuni awamenye mbama.

Kuno mtsinje wa Mekong umafika utatopa.
Wadutsa maiko, wasenza dothi la eni ake,
ndiye umangotula mtolo
n'kutambasuka ngati dzanja la munthu wagwa chafufumimba,
chala chilichonse n'kubala tizala tina,
mpaka sudziwanso ngati madzi ali m'munda
kapena munda ndiwo walowa m'madzi.

Tinalambalala ngalawa ya zinanazi.
Wogulitsa sataya mawu:
amangopachika chinanazi chimodzi kunsonga ya nsungwi,
mtsinje wonse wamva.
Pangalawa ina kabudula wa mwana akuuma pachingwe,
galu akuuwa mafunde athu,
wailesi ikulengeza mtengo wa mpunga.

Tinakhotera m'kangalande kopapatiza,
masamba a kanjedza wam'madzi atagwirana manja pamwamba pathu.
Injini zii.
Inatsala nkhafi yokha, kuvuu, kuvuu,
ndi nkhanu ya dzanja limodzi lalikulu
yotibayibitsa ngati wapolisi wapamsewu.

Apa m'pamene Mayi Luom anaviika chala m'madzi
n'kuchiika palilime.
Pokhota pena anabwereza. Penanso.
Ine ndinkayesa ndi pemphero.
"Mchere," anatero.
"Ndili mtsikana, nyanja inkathera pamsika wa nsomba paja.
Chaka chatha inafika paulalo wa sukulu.
Lero ikugogoda pakhomo panga."
Analoza ndi chibwano mitengo ya manyumwa
itaima mbuu, masamba atayoyoka,
ndipo pakati pake manda a amuna awo
opakidwa utoto wobiriwira chaka chino chomwe.

Ndinalawa nanenso.
Sindinamve kanthu.
Lilime langa linakulira madzi a m'botolo.

Dzuwa lili paliwombo, nyanja inakoka mpweya,
ngalande yonse n'kuphwa tikuona.
Bwato linakhala pansi ngati nkhalamba yakana ulendo.
Ndinatsika kuti ndikankhe;
matope anandimeza mpaka m'mawondo,
anandibwezera miyendo, nsapato imodzi n'kuikaniza
kufikira nditaipempha ndi manja onse awiri.
Mayi Luom anaseka mpaka misozi,
akudzikupiza ndi chipewa chawo chosongoka.

Ndinayang'ana wotchi.
Iwo anasenda nyumwa ndi chikhadabo,
mbali yokulirapo n'kundipatsa.
"Madzi alibe ngongole kwa munthu.
Abwera mwezi ukawatuma."

Tinakhala.
Tinsomba ta maso otong'oka tinkakwawa pamatope ndi zigongono.
Kakowa ankaponda mosamala ngati wavala zobwereka.
Anandiuza za Nghiep, mwana wawo wotsiriza,
amene anasiya ukonde n'kupita kufakitale ya nsapato ku Saigon,
amaimba foni Lamlungu lokha, mawu ali otopa.
Anatenga nsapato yanga, naitembenuza,
napukuta msoko ndi chala chomwe chija cholawira mtsinje.
"Mwina ndiye anasoka iyi.
Mzere wake ndi wowongoka."

Basi ya folo inanyamuka popanda ine.

Madzi anabwerera osagogoda,
kuyamba ndi kunyambita mizu,
kenako kutinyamula pang'onopang'ono ngati mwana wagona.
Pobwerera, mtengo wina unayaka ziphaniphani,
kuthima, kuyakanso, zonse pamodzi,
ndipo sindinatulutse kamera.
Padoko anakana ndalama yapamwamba,
koma ya dizilo anaiwerenga kawiri.

M'mawa mwake, kumzinda, pakhonde la nyumba yosanja,
nsapato zanga zinali zitauma,
m'mbali mwake mutatuluka mzere woyera, wokhotakhota.
Ndinaukhudza ndi chala,
n'kuchiika palilime.